Kutsata ndalama ya mlendo kuchokera ku Zomba mpaka ku Mua

Lolemba, pa phiri la Zomba

Msewu wa M3, umene umachoka ku Blantyre n'kudutsa ku Zomba ndi ku Liwonde mpaka kukafika ku Mangochi, ndi umene alendo ambiri opita kunyanja amadzera, ndipo sabata ino ndaganiza zoutsata mosathamanga, n'kumagona m'malo amene anzathu ambiri amangowaonera pawindo la galimoto. Chimene ndikufuna kuona ndi maso anga n'chakuti ndalama imene mlendo amachoka nayo kwawo imathera m'manja mwa yani. Boma lakhala likutchula zokopa alendo, pamodzi ndi ulimi ndi migodi, ngati mizati yokwezera chuma cha dziko, koma mawu amenewa adzamveka bwino kumudzi tsiku limene mayi wogulitsa tomato ndi mnyamata woyendetsa boti adzayambe kuona kusintha m'thumba mwawo.

Mzinda wa Zomba unali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo nyumba zakale za boma zidakalipo m'munsi mwa phiri, pakati pa mitengo ikuluikulu. Ndakwera phiri m'mawa ndi bambo wina wotsogolera alendo, amene wanditengera kudamu la Mulunguzi, kumathithi a Williams, kenako ku Emperor's View, malo amene anawatcha dzinali pokumbukira kubwera kwa mfumu ya ku Ethiopia, Haile Selassie, mu 1965. M'mbali mwa msewu wokwera phiri anyamata amanyamula timadengu ta sitiroberi ndi mabulosi, pansi pake atayala masamba kuti zipatsozo zisaphwanyike, ndipo galimoto ikangochepetsa liwiro amaithamangira onse nthawi imodzi, mtengo n'kumatsika wokha chifukwa aliyense akuopa kuti dzuwa likakula katundu wake aonongeka.

Nditafunsa bamboyo kuti ntchito ikuyenda bwanji, anandiyankha motere: "Bambo, mlendo wa tsiku limodzi amagula zipatso n'kujambula zithunzi. Amene amatipatsa ganyu ndi mlendo wogona." Anafotokoza kuti anthu ochokera ku Blantyre amafika cha m'ma 10 koloko, chakudya atanyamula kale, ndipo pofika madzulo amakhala atatsika. Amene wagona paphiri amadzuka m'mawa n'kufuna womuperekeza kudzenje la Chingwe, amadya nkhomaliro ndi mgonero, amachapitsa zovala, ndipo nthawi zina amagula chiboliboli.

Chimene chandipweteka mtima ndi zitsa. Mbali zina za phiri zimene kale zinali nkhalango ya paini tsopano ndi udzu wokhawokha, ndipo moto wolusa wasiya mabala akuda m'mapiri. Amayi amene ndakumana nawo akutsika ndi mitolo ya nkhuni pamutu sindingawaweruze, pakuti mumzinda anthu amaphikira nkhuni ndi makala. Komabe wotsogolera alendo amene nkhalango yake ikutha ali ngati wogulitsa pamsika amene katundu wake akubedwa iye akuona, ndipo ndikuganiza kuti thandizo loyamba limene anthu a ntchito imeneyi akufunika pa Zomba ndi kubzala ndi kuteteza mitengo, zikwangwani ndi zotsatsa malonda zibwere pambuyo.

Lachiwiri, Liwonde

Tauni ya Liwonde ili pamene msewu umawoloka mtsinje wa Shire pa Kamuzu Barrage, ndipo anthu ambiri a pa ulendo amaidziwa ngati malo ogulira nsomba, chimanga chootcha ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi basi isananyamukenso. Ochepa amakhota kupita kumalo osungirako nyama zakutchire, ngakhale kuti chipata chake chili pafupi ndithu ndipo Mmalawi amalipira ndalama yochepa poyerekeza ndi mlendo wochokera kunja.

Malowa anakhazikitsidwa mu 1973, koma kwa zaka zambiri nyama zinkatha ndi misampha ya waya, ndipo njovu zinkatuluka kukadya m'minda ya anthu. Mu 2015 bungwe la African Parks linayamba kuwayendetsa mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Anamanga mpanda wamagetsi, anachotsa misampha yambirimbiri, ndipo pakati pa 2016 ndi 2017 anasamutsa njovu pafupifupi 500 kuchoka kuno ndi ku Majete kupita ku Nkhotakota. Mikango inabwezedwa mu 2018, zipembere 17 zinafika kuchokera ku South Africa mu 2019, ndipo mu 2022 njovu zina 263 zinapita ku Kasungu. Zonsezi ndi nkhani za nyama, koma kwa munthu wochita malonda ndi nkhani za makasitomala, chifukwa mlendo amene kale ankangoona mvuu n'kubwerera tsopano ali ndi chifukwa chogonera masiku awiri kapena atatu.

Madzulo ndakwera boti mu Shire. Mvuu zinali m'magulumagulu, ng'ona zili gone pamchenga kukamwa kuli yasa, ndipo njovu zinatsikira kumadzi pansi pa migwalangwa dzuwa likupendeka. Woyendetsa boti, mnyamata wa m'mudzi woyandikana ndi mpanda, ankatchula mbalame iliyonse m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ndipo ankadziwa patali pamene ayenera kuzimitsa injini kuti njovu yokhala ndi mwana isakwiye. Luso limeneli analiphunzira pantchito, ndipo anandiuza kuti malipiro ake ndi amene akuphunzitsa ang'ono ake awiri kusekondale.

Ndinafunsanso kukhitchini kwa malo amene ndagona kuti zakudya amagula kuti. Mayi wophika anati masamba, mazira ndi nkhuku zina amatenga kwa alimi apafupi, koma vuto ndi lakuti mlimi amatha kubweretsa tomato wambiri sabata ino n'kusowa sabata yamawa, pamene mlendo amafuna chakudya chofanana tsiku lililonse. Zikatero galimoto imapita ku Zomba kapena ku Blantyre, ndalama n'kupita nayo. Apa ndi pamene alangizi a zaulimi ndi khonsolo akanalowererapo, kusonkhanitsa alimi a m'madimba m'magulu, kuti azibzala mosinthanasinthana ndi kugwirizana mtengo ndi eni malo ogona nyengo isanayambe. Alimi ena ozungulira mpanda ayamba kale kulima tsabola, amene njovu sizimukonda, komanso kuweta njuchi, ndipo botolo la uchi limene linali patebulo la chakudya cha m'mawa linali la konkuno.

Lachitatu, Mangochi

Pa boma la Mangochi ndangoima maola ochepa. Kale malowa ankatchedwa Fort Johnston, ndipo pafupi ndi mlatho pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, mfuti yaikulu ya m'sitima ya Gwendolen imene inagwira ntchito pa nkhondo ya 1914, ndi chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Viphya mu 1946. Pomwepo palinso nyumba yosungiramo mbiri ya nyanja. Nthawi yonse imene ndinakhalapo sindinaone galimoto ya alendo ikuima, ngakhale kuti zambiri zinkadutsa kulowera kugombe.

M'mbali mwa msewu wopita ku Monkey Bay muli mahotela ndi malo ogona alendo ondondozana, ndipo mwini wake wa malo ena aang'ono, bambo wachikulire amene anapuma ntchito ya boma, anandilandira pakhonde. Anandionetsa pakhoma pamene madzi anafika mu 2024, nyanja itakwera n'kumiza mchenga, kapinga ndi zipinda za kumunsi. Kukonza kunafuna simenti, penti ndi matiresi atsopano pa nthawi imene mitengo inali itakwera kutsatira kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kubanki anapeza kuti chiwongoladzanja n'chokwera moti bizinezi ya zipinda zochepa singabweze.

Anandiuzanso chinthu chimene anthu a kunja kwa ntchitoyi sachidziwa: malo ambiri a m'gombe lino amadalira misonkhano ya maofesi a boma ndi mabungwe kuposa alendo odzapuma. Boma likalengeza kuti likuchepetsa kagwiritsidwe ntchito ka ndalama n'kuletsa misonkhano ya kunyanja, zipinda zimakhala zopanda anthu, ogwira ntchito amatumizidwa kunyumba, ndipo msodzi amene ankabweretsa chambo m'mawa uliwonse amauzidwa kuti ayambe wadikira. Pa bilu iliyonse pamakhala msonkho wa 1 peresenti wa zokopa alendo, ndipo funso la bamboyo linali lomveka: bwanji gawo lina la ndalama imeneyi osalisandutsa thumba la ngongole zofewa kwa eni malo aang'ono, kuti tsoka la madzi likagwa azitha kudzukanso?

Lachinayi, Cape Maclear

Msewu wochoka pamphambano ya ku Monkey Bay umakwera ndi kutsika m'mapiri a miyala, anyani ali khale m'mbali, mpaka nyanja imaonekera mwadzidzidzi kutsogolo, zilumba za Thumbi ndi Domwe zili poteropo. Mudzi wa Chembe uli mkati mwa Lake Malawi National Park, malo amene anakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984 chifukwa cha nsomba za mbuna, zimene mitundu yake yambiri sipezeka kwina kulikonse. Pagombe limodzi lomweli pali malo ogona alendo, mabwato a asodzi, amayi ochapa ndi kutsuka mbale, ana osambira, ndi mathandala oyanikapo usipa amene fungo lake limakulandira usanatsike galimoto.

Kuno ndi kumene ndaona bwino momwe ndalama ya mlendo mmodzi imagawikira. Ndinapangana ulendo wa ku Thumbi ndi mnyamata wovala chizindikiro cha gulu la otsogolera alendo a m'mudzimo. Tisananyamuke anagula kampango kwa msodzi amene anali atangokocheza, mpunga ndi tomato pa kagolosale, mafuta a injini kwa wogulitsa m'zigubu, ndipo anabwereka magalasi osambirira kwa mnzake. Boti silinali lake, choncho mwini boti analandira gawo lake, woyendetsa nayenso lake, ndipo pamwamba pa zonsezi panali ndalama yolowera m'malo otetezedwa. Ulendo wa theka la tsiku unadyetsa mabanja angapo, ndipo palibe ndalama imene inatuluka m'mudzimo kupatula ya mafuta ndi ya boma.

Pachilumbapo madzi ndi oyera moti mbuna zimaoneka uli m'boti, zabuluu, zachikasu, zina zamizeremizere, zikuzungulira miyala. Lamulo limaletsa usodzi pa mtunda wa mamita 100 kuchokera kugombe la malo otetezedwa, ndipo ndi lamulo limeneli limene lasunga nsomba zimene alendo amadzaona. Pobwerera mnyamatayo anaimba likhweru n'kuponya kansomba m'mwamba, nkhwazi inatsika kuchokera mumtengo n'kukakatola pamadzi ndi zikhadabo. Iye anati: "Achimwene, nkhwazi iyi ndi imene imandilipirira lendi." Ananena akumwetulira, koma ndinaona kuti akunena zoona.

Madzulo tinakhala pansi pa mtengo ndi anzake ena, ndipo anandifotokozera chifukwa chimene anapangira gulu. Kale mlendo akangotsika galimoto ankazingidwa ndi anyamata ambiri, aliyense ndi mtengo wake, ena n'kulandira ndalama ya ulendo wa mawa osaonekanso. Mbiri yoipa inafalikira, ndipo eni malo ogona anayamba kuchenjeza alendo kuti asamalankhule ndi anyamata a pagombe. Tsopano ali ndi mitengo yogwirizana, amasinthana alendo, ndipo wolakwa amayankha kwa anzake. Zimene akusowa anazitchula mosazengereza: majekete oyandamitsa okwanira, maphunziro a chithandizo choyamba munthu akavulala kapena akamira, chiphaso chimene boma likuchizindikira, ndi njira yoti mlendo azitha kuwapeza pa intaneti asanafike. Ambiri amalandira kale ndalama pa Airtel Money ndi Mpamba, koma mlendo wochokera kunja amene wangonyamula khadi ya kubanki amakakamizika kulipira kudzera kumalo amene wagona.

Sindingabise kuti gombeli lili ndi mavuto amene angathamangitse alendo. Mapepala a pulasitiki amaunjikana m'makwalala a m'mudzi n'kukokolokera m'nyanja mvula ikagwa, likodzo lidakalipo m'madzi osaya, ndipo chambo chimene mlendo aliyense amafunsa chikusowa chaka ndi chaka. Izi mwini loji mmodzi sangazithetse yekha, ngakhale atasesa kutsogolo kwa malo ake kawiri pa tsiku, chifukwa zinyalala zikufuna galimoto ya khonsolo, likodzo likufuna zimbudzi ndi mankhwala, ndipo chambo chikufuna kuti nyengo yotseka nyanja izilemekezedwa ndi asodzi aang'ono ndi aakulu omwe.

Lachisanu, Cape Maclear ndi Monkey Bay

M'mawa ndayenda wapansi kupita kumanda a amishoni, kufupi ndi Otter Point. David Livingstone ndi amene anatcha malowa Cape Maclear mu 1861, polemekeza mnzake Thomas Maclear, katswiri wa zakuthambo wa ku Cape Town. Mu 1875 amishoni a ku Scotland, mmodzi mwa iwo Dr Robert Laws, anakhazikitsa pano mishoni yoyamba ya Livingstonia, koma malungo anawapha motsatizana mpaka anasamukira ku Bandawe mu 1881, kenako ku Khondowe mu 1894. Ndinapeza gulu la ana a sukulu ya sekondale amene anabwera pa basi ndi aphunzitsi awo, akulemba m'makope mayina a pamanda.

Ana amenewa andipatsa maganizo ambiri. Mayi wogulitsa mandasi ndi tchipisi pafupi ndi pamene basi yawo inaima anati tsiku la ana a sukulu amagulitsa kuposa sabata ya azungu, chifukwa mzungu amadya kuloji pamene Mmalawi amadya pamsika. Alendo ochokera kunja amabwera kwambiri m'miyezi yopanda mvula, ndipo matenda a Covid-19 atatseka malire mu 2020 anasowa onse nthawi imodzi, amene anatsala n'kukhala Amalawi okhaokha. Uthenga wa boma wakuti tidziyamba ndife Amalawi kuyendera dziko lathu ndi wolondola, koma uyenera kuyenda limodzi ndi mitengo imene mphunzitsi, namwino kapena gulu la amayi a kumpingo angaikwanitse, makamaka pakati pa sabata ndi m'miyezi ya dzinja pamene zipinda zimangokhala.

Masana ndabwerera ku Monkey Bay, kwawo kwa sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951 ndipo imalumikiza doko lino ndi Likoma, Nkhata Bay ndi Chilumba. Kwa anthu a m'zilumba ndi galimoto yonyamula ufa, simenti ndi odwala, koma kwa mlendo ndi njira yoonera nyanja yonse pa ulendo umodzi, ndipo doko lililonse limene imaima limapeza malonda a tsikulo. Bambo wina wokonza maulendo amene ndinakumana naye padokopo anati mlendo wa ku Ulaya amagula ulendo wake miyezi ingapo usanachitike, choncho chimene amafunsa choyamba ndi masiku enieni a sitima, momwe msewu ulili, ndiponso ngati mafuta a galimoto adzapezeka. Pamene boma linachotsa viza kwa nzika za mayiko 79 mu Febuluwale 2024 anthu a ntchitoyi anasangalala, koma iye anati kulowa m'dziko mosavuta n'chiyambi chabe, popeza mlendo amene wathera tsiku pamzere wa mafuta amakafotokozera anzake zomwezo akabwerera kwawo.

Loweruka, Mua

Kuchoka ku Monkey Bay ndadzera msewu wodutsa m'chigwa cha milambe kupita ku Golomoti, kenako ndakhotera ku Mua, m'munsi mwa mapiri a Dedza. Mishoni ya Akatolika ya pano inayamba mu 1902, ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada, anayambitsa malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni. M'nyumba ya Chamare muli zipinda zofotokoza moyo wa Achewa, Angoni ndi Ayao kuyambira kubadwa mpaka maliro, ndipo chipinda cha Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005, chili ndi zigoba mazanamazana, chilichonse ndi tanthauzo lake. Munthu wofuna kumvetsa angathe tsiku lonse m'menemo.

Ndinafunsa alendo awiri amene ndinawapeza kuti anadziwa bwanji za malowa, ndipo anati anawauza ndi mlendo mnzawo pa chakudya cha madzulo kunyanja. Zimenezi zinandikumbutsa kuti m'malo onse amene ndagona sabata ino sindinaone kapepala kapena mapu olozera mlendo kumalo otsatira. Wa ku Zomba sanatchule Liwonde, wa ku Liwonde sanatchule nyumba ya mbiri ya ku Mangochi, ndipo wa kunyanja sanatchule Mua kapena zojambula zakale za pamiyala ku Chongoni, kumene kuli malo 127 amene UNESCO inawazindikira mu 2006. Makhonsolo a Zomba, Machinga, Mangochi ndi Dedza akanakhala pamodzi ndi eni malo ogona, otsogolera alendo ndi oyendetsa galimoto, akanatha kugulitsa njira yonseyi ngati ulendo umodzi wa sabata, aliyense n'kumatumizira mnzake mlendo amene wamaliza naye.

Kunja kwa nyumba ya Chamare ndinacheza ndi bambo wosema ziboliboli amene anali kusalaza chitseko chokhala ndi chithunzi cha amayi akusinja. Anali atakhala pamphasa, chitsekocho chili pamiyendo, akuchotsa timizere ta mtengo ndi kachitsulo kakang'ono kuti mikono ya amayiwo ioneke ikukweza munsi. Anati mitengo yabwino yosemera ikusowa ndipo amaigula kutali, koma chimene chimamuvuta kwambiri ndi mpamba. Mwini malo ena ogona alendo kunyanja anamupempha zitseko ndi mipando ya zipinda zake zonse, ntchito imene ikanamudyetsa miyezi ingapo pamodzi ndi anyamata amene akuwaphunzitsa, koma anafuna kudzalipira katundu akafika. Iye analibe ndalama yogulira matabwa ochuluka chotero, kubanki anamufunsa chikole chimene alibe, ndipo odayo inapita kwa wogulitsa mipando ya kufakitale mumzinda. Ndinamufunsa kuti chikanafunika n'chiyani kuti ntchitoyo ikhale yake. Iye anati: "Theka la ndalama poyamba, bambo, ndi kalata ya mgwirizano yoti ndikaonetse kwa wogulitsa matabwa."